Kodi timiyala ta konkire timeneti tingaimitsedi kasinja?

Yamikani98: Akuluakulu, moni nonse. Pali chinthu chikundivuta kumvetsa. Pa zithunzi za nkhondo ya ku Ukraine ndimangoona timiyala toyera ta konkire, tosongoka pamwamba, atatindandalika m'minda mizere iwiri kapena itatu, mpaka mapeto ake osaoneka. Akuti n'totchingira akasinja. Koma msinkhu wake ndi wa m'chiuno mwa munthu basi, pamene kasinja wa masiku ano amalemera matani 45, ena mpaka kupitirira 60. Zoona kanthu kotere kangaimitse chimenecho? Kwa ine kukuoneka ngati kuwononga simenti. Amene mukudziwa tatiuzeni.

Chisale Womanga: Achimwene, tisanapite patali, funso loyamba ndi lakuti pansi pake pali chiyani. Ine mavidiyo aja ndinawaonetsetsa. Timiyalato timabwera titaumbidwa kale ku fakitale, pamwamba pali kachitsulo kopinda kokolekapo tcheni, kireni ikungotsitsa pa lole n'kukhazika pa dothi, basi kwatha. Palibe kukumba, palibe maziko. Konkire amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita imodzi. Kanthu kosongoka kotalika mita imodzi, m'tsinde mwake mita imodzi mbali zonse, kamangotenga gawo limodzi mwa magawo atatu a kiyubiki imeneyo. Ndiye kuti makilogalamu 800 okha. Katapila wa pa msewu angakakankhe kameneko osamva n'komwe kuti wagunda kanthu. Ndiye pa zimenezi ndili mbali yanu, a Yamikani.

Aphunzitsi Mbewe: Zinthuzi si za lero ayi. Azungu amazitcha dragon's teeth, mano a chinjoka, ndipo zinatchuka ndi Ajeremani nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Hitler atabweza asilikali ake ku Rhineland mu 1936, anayamba kumanga linga kumalire a kumadzulo, limene iwo ankaliti Westwall koma Angelezi ankaliti Siegfried Line. Linayambira cha ku Kleve, kufupi ndi malire a Netherlands, mpaka kumalire a Switzerland, mtunda woposa makilomita 600. Ntchito yaikulu inagwirika mu 1938 ndi 1939 motsogozedwa ndi injiniya Fritz Todt. Panali zipinda za konkire zobisalamo asilikali zikwizikwi, ndipo m'malo amene kunalibe mtsinje kapena phiri loti n'kutchinga akasinja ndi mmene anaikamo mizere ya manowo. Tili ndi mnzathu pagulu pano amene amakhala komweko. A Kondwani, muliko kodi?

Kondwani_Aachen: Ndilipo aphunzitsi. Inde, kuno manowo alipobe ambiri. Ukatuluka mumzinda wa Aachen kulowera kumalire a Belgium, pamalo otchedwa Köpfchen, umawapeza m'nkhalango m'mbali mwenimweni mwa njira ya anthu apansi, ataphimbidwa ndi ndere zobiriwira, mitengo itamera pakati pake. Ukapitirira kumwera, ku Simmerath ndi ku Hollerath, amadutsa m'madambo odyetsera ng'ombe makilomita ambirimbiri.

A Chisale, funso lanu la maziko ndi lomwe lili pamtima pa nkhaniyi. Akunowa si zidutswa zongokhazika ayi. Anakumba, n'kuyala mitanda ya konkire ya zitsulo mkati, ina m'litali ina m'lifupi, yolumikizana yonse, kenako mano aja anawathira pamwamba pa mitandayo, zitsulo zake zochokera pansi pomwepo. Pamene dothi linakokoloka umaiona mitandayo poyera. Ndiye ukagunda dzino limodzi, ukulimbana ndi mzere wonse.

China chimene sichioneka bwino pa zithunzi ndi chakuti manowo si ofanana msinkhu. A kutsogolo, kumene mdani akuchokera, ndi aafupi, mwina kufika m'mawondo. Akamapita m'mbuyo akunka natalika, omaliza kufika pachifuwa. Anachita dala. Kasinja amakwera pa aafupiwo mosavuta, mphuno yake n'kuloza kumwamba, kenako mimba yake imakakhala pa aataliwo, matcheni n'kumangozungulira m'malere. Pamenepo kunsi kwake, kumene chitsulo n'chopyapyala, kuli poyera. Mtundu wa 1938 unali ndi mano anayi kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo, m'lifupi mamita 7, ndipo anauwerengera akasinja osapitirira matani 20. Wa 1939 unali ndi mano asanu, m'lifupi kupitirira mamita 13, wa akasinja ofika matani 36.

Chisale Womanga: Eya, apo ndiye mwandifika pamtima. Imeneyo ndiye ntchito ya mmisiri. Kuthira dzino ndi mtanda wake ngati chinthu chimodzi, zitsulo zitamangidwa bwino, n'chifukwa chake patha zaka zoposa 80 zikadali chiimire. Koma ndikuganiza za shatala yake abale. Dzino lililonse bokosi lake la matabwa, lopendekeka, miyezo inayi kapena isanu yosiyana, kuthira, kudikira kuti aume, kumasula, kunyamula matabwa kupita patsogolo. Pa makilomita onse aja! Anthu ake anali angati?

Aphunzitsi Mbewe: Pa nthawi imene ntchito inafika pachimake anali pafupifupi theka la miliyoni, kuphatikiza a bungwe la Todt, anyamata a ntchito ya boma yokakamiza ndi asilikali. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mu 1938 boma linakhazikitsa lamulo lolipatsa mphamvu yochotsa munthu pa ntchito yake n'kumutumiza kumene likufuna. Ankagona m'misasa, kutali ndi mabanja awo, akugwira maola ambiri pa tsiku. Ndipo chimene ndimafuna ana asukulu azichidziwa ndi ichi: msasa wa Hinzert, kufupi ndi Trier, unayamba mu 1939 ngati malo olangirako ogwira ntchito ya lingali amene ankawanena kuti ndi aulesi kapena osamvera. Pambuyo pake unasanduka ndende ya SS, gulu lankhanza la chipani cha Hitler, kumene kunazunzikira ndi kufera anthu ambiri a ku Luxembourg ndi France. Alimi a m'malire nawonso analandidwa minda, mzere wa konkire n'kudula munda pakati. Tikamayamikira kulimba kwa konkireyo tizikumbukiranso amene anamusakaniza.

Yamikani98: Chabwino, ndamva kuti a Ajeremani anali olimba. Nanga anathandiza? Paja nkhondoyo anagonja ndithu.

Sajeni Wopuma: Mwana wanga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiloleni ndilowepo, chifukwa funso lako lapendekeka pang'ono. Ku usilikali chinthu choyamba chimene amakuphunzitsa pa zotchinga ndi chakuti chotchinga chopanda mfuti yochiyang'anira si chotchinga. Kaya ndi waya waminga, kaya ngalande, kaya mano amenewa, ngati palibe munthu amene akuwombera pamalopo, mdani amabwera ndi mainjiniya ake, kuyeza bwinobwino, kuchotsa, n'kudutsa. Wataya ola limodzi kapena awiri basi.

Ntchito ya manowa ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuchedwetsa. Kasinja woyenda ndi wovuta kumulasa, koma akaima kapena akamakwawa pang'onopang'ono kufunafuna podutsa, wa mzinga amapeza mpata wabwino. Yachiwiri ndi kulondolera. Munaonapo mpanda wa pa dibi, mmene umayambira motakasuka n'kumanka nupanikiza mpaka ng'ombe zilowe imodziimodzi pamene mwini akufuna? Ndi zomwezo. Woyendetsa kasinja akaona mano amakhota kufuna pamene pali mpata, ndipo mpata umenewo anausiya dala. Pansi pake anakwirira mabomba, ndipo mizinga yonse anailozetsa pomwepo kalekale, mtunda wake anauyeza kale.

Ndiye funso lisakhale lakuti kodi konkire angaimitse kasinja. Tizifunsa kuti kumbuyo kwa konkireyo kuli ndani, ali ndi chiyani m'manja, ndipo wagona kapena ali maso.

Kondwani_Aachen: Zimene akunena a Sajeni ndi zimene zinachitikadi kuno mu Seputembala 1944. France itagonja mu 1940, lingali linasiyidwa. Mizinga ndi zida zambiri anazichotsa kupita nazo kugombe la nyanja ya Atlantic, zipinda zina alimi n'kumasungiramo mbatata ndi zipangizo. Hitler analamula kuti likonzedwenso mu Ogasiti 1944, Amereka ali kale pafupi. Zipinda zambiri za mizinga anazimangira mzinga waung'ono wa mamilimita 37, umene pofika 1944 sunkathanso kuboola akasinja atsopano, ndipo mizinga ikuluikulu sinkakwanamo.

Gulu la akasinja la Amereka la 3rd Armored Division linafika ku Roetgen pa 12 Seputembala, ndipo tsiku lotsatira linayamba kuboola mzere woyamba. Pamene msewu unkadutsa pa mano panali zipata za zitsulo, mainjiniya ankaziphulitsa. Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya kufupi ndi Schmidthof, kumwera kwa Aachen. Alimi a pamenepo, atatopa ndi kuzungulira kuti akafike kuminda yawo, anali atathira miyala ndi dothi pakati pa manowo n'kupanga kanjira ka ngolo. Amereka anakapeza kanjirako, akasinja awo n'kudutsa pomwepo. Pambuyo pake njira imeneyi inakhala yodziwika: kasinja wa Sherman womangirira chikhasu cha katapila kutsogolo ankangokankha dothi kukwirira manowo mpaka papangike chitunda chokwerapo. Pena ankamanga mabomba pa mano angapo n'kuwaphulitsa.

Yamikani98: Ndiye mwagwirizana nane. Simenti yonse ija, dothi la alimi n'kuigonjetsa.

Sajeni Wopuma: Usathamange mwana wanga. Afunse a Kondwani kuti atadutsa pa kanjira ka alimi kaja chinawachitikira n'chiyani, ndiponso kuti kuchoka pa Roetgen kukafika ku mtsinje wa Rhine kunawatengera nthawi yaitali bwanji.

Kondwani_Aachen: Zoona. Atangodutsa, anakumana ndi mizinga ya Ajeremani cha ku Nütheim, akasinja angapo n'kupsa tsiku lomwelo, chifukwa onse ankatulukira pa kampata kamodzi. Mzinda wa Aachen unagwa pa 21 Okutobala, patatha milungu yoposa isanu. Kenako kunabwera nkhondo ya m'nkhalango ya Hürtgen, imene inadya asilikali a Amereka zikwi makumimakumi, ophedwa ndi ovulala, mpaka kumayambiriro kwa 1945. Rhine anakauwoloka mu Malichi 1945, pa mlatho wa Remagen. Sindikunena kuti mano okha ndiwo anachita zimenezi. Amereka analinso ndi vuto la mafuta ndi zipolopolo chifukwa katundu ankachokera kutali ku Normandy, mvula ndi matope zinavuta, ndipo Ajeremani anabweretsa asilikali atsopano. Koma pamene panali asilikali okwanira kumbuyo kwa manowo, injiniya aliyense wopita kukamanga bomba pa dzino ankakwawa chamimba mfuti za chiwaya zikumulira pamutu.

NaPhiri wa ku Dundee: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito ya usiku. Kunonso ku Scotland zilipo zinthuzi, koma zathu si zosongoka, ndi zimabokosi za konkire za mbali zinayi. Ukawoloka mtsinje wa Tay kupita ku Fife, kuli nkhalango ya Tentsmuir m'mbali mwa nyanja, ndipo kuli mzere wautali wa zimabokosi zimenezi. Anaumba ndi asilikali a ku Poland amene anathawira kuno France itagwa, n'kupatsidwa ntchito yolondera gombe limeneli. Ukayandikira umaona mizere ya shatala pakhungu la konkireyo, ndi timiyala ta m'nyanja tosalala timene anasakanizamo tikusuzumira pamene pakumbika. Chodabwitsa n'chakuti anaziika m'mphepete mwenimweni mwa madzi, koma lero zina zili kutali ndi nyanja, chifukwa mchenga wakhala ukuunjikana chaka ndi chaka, gombe n'kumasunthira kutsogolo. Ndimafuna ndidziwe kwa aphunzitsi: Hitler ankafunadi kudzera kuno kumpoto?

Aphunzitsi Mbewe: Mayi NaPhiri, mapulani enieni a Ajeremani anali a kugombe la kumwera kwa England, koma Angelezi sakanadziwa zimenezo motsimikiza, ndipo Norway inali itagwa kale mu 1940, moyang'anizana ndi Scotland. Choncho gombe lililonse la mchenga losalala, loti ngalawa n'kutsitsapo akasinja, linkawadetsa nkhawa. Kumbukirani kuti pothawa ku Dunkirk anasiya akasinja ndi mizinga yawo yambiri ku France. Mkulu wa asilikali oteteza dziko, General Edmund Ironside, analibe zida zokwanira, koma simenti ndi anthu anali nazo. Ndiye anadula dziko ndi mizere yotchinga, waukulu kwambiri unali GHQ Line woteteza London ndi madera a mafakitale, wina Taunton Stop Line kumwera chakumadzulo. Zimabokosizo zinali za miyezo iwiri makamaka, zina mita imodzi ndi pang'ono, zina mita imodzi ndi theka mbali zonse. Analinso ndi zozungulira, ndi zina zosongoka ngati za Ajeremani.

Koma mu Julayi 1940 momwemo Ironside anachotsedwa, m'malo mwake n'kulowa Alan Brooke, amene sankakhulupirira mizere ya mkati mwa dziko. Iye ankafuna kulimbitsa magombe, n'kusunga magulu oyenda msanga oti akakanthe mdani akangotsika. Mkangano umene tili nawo pano iwonso anali nawo.

Chisale Womanga: Mita imodzi ndi theka mbali zonse? Dikirani ndiwerengere. Imeneyo ndi makiyubiki mita atatu ndi kachidutswa, kulemera kwake kupitirira matani 8. Pa kasakanizidwe kathu ka masiku onse ka 1:2:4 (simenti, mchenga ndi miyala), bokosi limodzi lokha likudya matumba a simenti oposa 20. Limenelo ngakhale lopanda maziko akuya silingasunthe wamba. Ndiye mwaona kusiyana kwake: Ajeremani anadalira kulumikiza pansi, Angelezi anadalira kulemera. Za ku Ukraine zija zilibe zonse ziwiri.

Kondwani_Aachen: A ku Switzerland nawonso anadalira kulemera. Pakati pa Bassins ndi Prangins, kufupi ndi nyanja ya Geneva, pali mzere wa makilomita pafupifupi 10 wa zimiyala za matani 9 chilichonse, umene anthu amautcha Toblerone chifukwa cha maonekedwe a chokoleti chija. Lero ndi njira yokayendamo anthu pa tchuthi. Ku Gland kuli nyumba yopaka utoto wa pinki, Villa Rose, mawindo ake ojambula chabe, mkati mwake muli malo a mizinga yoyang'anira msewu wa pakati pa Geneva ndi Lausanne. Ngakhale iwo sanaike konkire payekha.

Aphunzitsi Mbewe: Ndipo a ku Finland pa Salpa Line, kuyambira 1940, ambiri mwa mano awo sanali a konkire n'komwe. Ankaswa matanthwe, n'kuimika zimiyala za matani angapo m'mizere. Nkhondo sinafike pa mzere umenewo.

Yamikani98: Tabwererani ku Ukraine abale, ndi kumene kunachokera funso langa. A Chisale akuti n'zopepuka, zopanda maziko. A Sajeni, inu mukuti bwanji? Arasha amene anazikhazika anapusa?

Sajeni Wopuma: Sanapuse. A Chisale akunena zoona pa konkire, koma akuyang'ana chidutswa chimodzi cha msampha. Kumapeto kwa 2022, Sergei Surovikin akutsogolera asilikali a Russia, anayamba kukumba mizere m'chigawo cha Zaporizhzhia. Kandandalikidwe kake nthawi zambiri kanali kotere: poyamba minda ya mabomba okwirira, yotambalala kwambiri, kenako chingalande chakuya chotchinga akasinja, kenako mano aja, kenako ngalande za asilikali, ndipo kumbuyo mizinga. Kumwamba madironi akuona chilichonse.

Mu Juni 2023 a Ukraine anayamba kukankha kulowera ku Tokmak, cholinga chawo chikhale Melitopol. M'masiku oyambirira enieni, kufupi ndi Mala Tokmachka, akasinja a Leopard 2 ndi magalimoto a Bradley anakodwa m'munda wa mabomba, mahelikopita a Ka-52 ndi mizinga n'kuwapeza ali mumzere. Manowo anali asanawafike n'komwe. Anasintha kachitidwe, n'kumatumiza asilikali apansi m'timagulu ting'onoting'ono, kuchotsa mabomba ndi manja usiku. Mudzi wa Robotyne anaulanda kumapeto kwa Ogasiti, ndipo mu Seputembala magalimoto ena anawoloka ngalande ndi mano kufupi ndi Verbove. Koma pofika pamenepo miyezi itatu inali itapita, Arasha atabweretsa magulu ena, ndipo ku Tokmak sanafikeko.

Tsono taganiza za woyendetsa. Inde kasinja wako angakankhe kadzino ka makilogalamu 800. Koma uyenera kuchepetsa liwiro. Kakhoza kugubuduka n'kulowa kunsi kwa mimba, kapena kukola tcheni n'kulidula. Pena amatimanga pamodzi ndi chingwe chachitsulo, ukakankha kamodzi tinzake tikukukulunga m'mbali. Sukudziwanso ngati pakati pake pali bomba. Ndipo magalimoto a matayala amene akukutsata, onyamula asilikali, mafuta ndi ovulala, iwo sangadutse mpaka wina atsegule njira. Zonsezi dironi ikukuyang'ana. Masekondi amenewo ndi amene akugulidwa ndi konkireyo.

Chisale Womanga: Ndamva madala, koma ine sindikusunthika pa mfundo yanga. Akanathira maziko, masekondi amenewo akanakhala maola. Ntchito yongokhazika pamwamba ndi ntchito ya changu.

Sajeni Wopuma: Ndi ya changu ndithu, ndipo changucho ndicho ankachifuna. Ajeremani anamanga pa nthawi ya mtendere, zaka ziwiri zathunthu, popanda wowawombera. Uyu akumanga nkhondo ili mkati, mizinga ya mdani ikufika pamalopo. Ukaimika gulu la anthu ndi makina osakanizira konkire sabata yathunthu pamalo amodzi, setilaiti yakuona, mawa lake kulibe munthu. Lole yotsitsa n'kuthawa ndiyo imapulumuka. Koma umboni wa mbali yanu ulipo, a Chisale. Pa 6 Ogasiti 2024 a Ukraine analowa m'chigawo cha Kursk ku Russia. Pamalire panali mano ndi ngalande, koma kumbuyo kwake kunali asilikali ochepa, ambiri anyamata ongolembedwa kumene. Mainjiniya anatsegula njira, magalimoto n'kulowa makilomita ambiri m'masiku ochepa. Konkire wake yemweyo, mtundu womwewo wa ku Zaporizhzhia. Chinasiyana ndi anthu a kumbuyo.

Jossamu wa ku Ulongwe: Ndakhala ndikutsatira, ndipo mawu amene akundiwawa ndi akuti mabomba okwirira, chifukwa mukuwatchula mongodutsa ngati ndi gawo la masamu. Ife kuno ku Mozambique tikuwadziwa. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, anthu anabwerako ku Malawi kumene anathawira, koma dziko linadzalengezedwa kuti mabomba odziwika achotsedwa onse mu Seputembala 2015. Zaka 23 anthu akulima ndi mantha, ana akuuzidwa kuti njira iyi musadutse. Mano a konkire amaoneka ndi maso, mlimi akhoza kuwazungulira. Chimene chili pakati pake sichioneka. Minda ija ya ku Zaporizhzhia ndi ya tirigu ndi mpendadzuwa, ili ndi eni ake. Tsiku lina adzafuna kubwerera ndi mathirakitala awo.

Ndiye ndinamva kuti mayiko ena a ku Ulaya akutuluka m'pangano loletsa mabombawa. N'zoona zimenezi aphunzitsi?

Aphunzitsi Mbewe: N'zoona bambo Jossamu, ndipo mwachita bwino kutibweza pamenepo. Pangano la Ottawa la 1997 limaletsa mabomba okwirira olimbana ndi anthu apansi. Olimbana ndi akasinja silinawaletse. Msonkhano woyamba wa mayiko a m'panganoli unachitikira kwanu konko, ku Maputo, mu 1999. Mu 2025 Poland, Lithuania, Latvia, Estonia ndi Finland analengeza kuti akutulukamo, chifukwa choopa Russia. Ndipo zikuyendera limodzi ndi konkire amene tikukambayu. Mu Januwale 2024 mayiko atatu a Baltic, Lithuania, Latvia ndi Estonia, anagwirizana zomanga mzere wotetezera malire awo a kum'mawa. Mu Meyi chaka chomwecho Poland inalengeza ntchito yake ya East Shield, ya ndalama zokwana 10 biliyoni zloty, pamalire ake ndi Belarus ndi chigawo cha Russia cha Kaliningrad. Lithuania inaika kale mano pa mlatho wa Queen Louise, wowoloka mtsinje wa Nemunas kupita ku Sovetsk. Anaona zimene zinachitika ku Zaporizhzhia, n'kuphunzirapo kuti mano amafuna mabomba pambali pake.

NaPhiri wa ku Dundee: Zimenezi zandikhudza. Kuntchito ndili ndi anzanga a ku Poland ndi Lithuania, ndipo akamakamba za kwawo mantha awo ndi enieni, makolo awo anakhalapo pansi pa ulamuliro wa Moscow. Sindingawauze kuti asadziteteze. Koma zimene anena bambo Jossamu sindingazikanenso. Bomba silidziwa kuti nkhondo inatha.

Sajeni Wopuma: Onse awiri mukunena zoona, ndipo ine monga msilikali sindibisa kuti popanda mabomba a anthu apansi, mainjiniya a mdani amafika pa mano n'kuchita zimene akufuna usiku umodzi. N'chifukwa chake akuluakulu a asilikali amawafuna. Chimene ndingaumirire n'chakuti gulu lophunzitsidwa bwino limalemba mapu a munda uliwonse umene latchera, bomba lililonse pamene lili, n'kuusunga mapuwo kuti adzagwire ntchito pochotsa. Kumene anthu amavutika zaka makumi ndi kumene ankangokwirira mwachisawawa, kapena kumwaza ndi mizinga ndi maroketi, popanda wolemba.

Jossamu wa ku Ulongwe: Mapu amathandiza ngati alipo, madala. Koma madzi osefukira a chaka cha 2000 kumwera kwa dziko lathu anakokolola mabomba n'kukawasiya kumene kunalibe mapu alionse. Ku Ukraine nako damu la Kakhovka litaphulika mu Juni 2023 madzi anachita chimodzimodzi m'mbali mwa Dnipro.

Yamikani98: Ine ndinabwera ndi funso la simenti, taonani kumene tafika. Koma ndifunsebe limodzi kwa a Kondwani. Ngati manowo anadula minda ya anthu, bwanji boma la Germany silinawachotse nkhondo itatha?

Kondwani_Aachen: Zipinda za asilikali zambiri zinaphulitsidwa ndi Amereka, Angelezi ndi Afalansa nkhondo itangotha, ndipo boma linapitiriza kugumula ndi kukwirira zotsala kwa zaka zambiri. Mano ena anachotsedwa pamene pankadutsa msewu kapena pomangidwa nyumba, ena anangowakwirira ndi dothi. Koma ambiri anatsala chifukwa cha chomwe chija a Chisale anachiyamikira: kuti uchotse dzino uyenera kuswa ndi mtanda wa pansi womwe, zitsulo zili mkati, ndipo mtengo wake umaposa phindu la kamunda kamene ungapezepo. Ndiye alimi anangowasiya, ena n'kumangirirapo waya wa mpanda wa ng'ombe.

Popeza khasu la thirakitala silinafikepo zaka zonsezi, pakati pa manowo panamera zitsamba ndi mitengo, n'kukhala kanjira kobisika ka nyama kodutsa m'minda yoyera. Amphaka am'tchire amayendamo, mileme imagona m'zipinda zogumuka. Bungwe loteteza chilengedwe la BUND linayambitsa ntchito yoteteza mzerewu pa chifukwa chimenechi, ndipo zigawo zambiri tsopano zili pansi pa lamulo loteteza zinthu zakale. Mkangano umene ulipo kuno ndi wa kafotokozedwe kake. Pali timamyuziyamu tina ta m'zipinda zakalezo timene akatswiri a mbiri amatidandaula kuti timangoonetsa mfuti, mayunifolomu ndi kukhuthala kwa makoma, osatchula za Hinzert, za midzi ya m'malire imene anthu ake anasamutsidwa mu 1939, kapena kuti lingali linamangidwa kuti Hitler akhale ndi msana wotetezeka pamene ankakaukira Czechoslovakia ndi Poland.

Chisale Womanga: Za kuswazo ndikuzidziwa bwino. Konkire wa zitsulo akakhalitsa amalimbirako, ndipo kugumula mtanda umodzi wokwiririka ndi jekihama ndi ntchito ya tsiku lonse, zitsulo uzidula ndi gilainda chimodzichimodzi. Apa ndiye timiyala ta ku Ukraine tija tili ndi ubwino umodzi umene sindinauwerengere m'masamu anga a poyamba aja: kachitsulo kopinda kaja kakadali pamwamba, kireni yomwe inatsitsa ikhoza kudzakwezanso pa lole. Koma a kireniyo sangapondemo mpaka anthu a bambo Jossamu, ochotsa mabomba, atayamba adutsa ndi zida zawo mita imodzi imodzi. A Sajeni, gulu limodzi la ochotsa mabomba ndi manja limatha malo aakulu bwanji pa tsiku?

Sajeni Wopuma: Zimatengera dothi, udzu ndi kuchuluka kwa zidutswa za zitsulo pansi, chifukwa kachipangizo kofufuzira mabomba kamalira pa kachidutswa kalikonse ndipo paliponse pamene kalira uyenera kugwada n'kufukula pang'onopang'ono ngati ndi bomba lenileni. Munthu mmodzi amatha masikweya mita makumi ochepa chabe pa tsiku. Pafupi ndi manowo zimavutirapo, chifukwa pamenepo ndi pamene mizinga inkagwa kwambiri, dothi ladzaza zidutswa, ndipo zitsulo za mkati mwa konkireyo nazonso zimaliza kachipangizoko.